A Sakala, Amene Tinawanamiza Mwaulemu

Uthenga unandipeza Lachiwiri m'mawa ndili pantchito ku Sinda. Anaimba foni ndi Esnati, mnzanga wa kusukulu amene masiku ano amagulitsa zitenje ndi sopo pamsika wa ku Vubwi.

"Malita, aticha apita."

Sanatchule dzina, ine sindinafunsenso. Aphunzitsi tinali nawo ambiri pa sekondale ya kwathu ija, koma pakati pa ine ndi Esnati mawu oti aticha ankatanthauza munthu mmodzi yekha, a Gidiyoni Sakala, amene ankatiphunzitsa bayoloje. Tsiku limenelo misozi sinabwere. Chimene chinabwera ndi manyazi, omwe aja ndakhala nawo zaka khumi ndi zisanu. Bambo amenewa ndinawanamiza maso ndi maso, kalasi yonse ikuona, ndipo bodza langalo linawathyola pamalo pamene sipanapolenso. Apita asakukhulupirira kuti pa ana onse amene anadutsa m'manja mwawo pali ngakhale mmodzi amene anamuphunzitsadi kuona.

Anali munthu wamfupi, woonda, wa makutu aakulu, ndipo ankanunkha anyezi. Sindikuwanyoza ayi, ndi mmene zinalili. M'thumba la malaya munkakhala lumo lokulunga m'kapepala, m'thumba la buluku anyezi mmodzi kapena awiri, ndipo kabotolo ka mankhwala ofiirira otchedwa ayodini ankakasunga m'sokosi yakale kuti kasasweke. Anaphunzitsa zaka pafupifupi makumi atatu, kuyambira ku Katete, kenaka ku Sinda, pomalizira kwathu kumalire, kumene aphunzitsi ena akatumizidwa ankaona ngati alangidwa. Iwo ankati ku Vubwi n'kwabwino chifukwa tchire lili pafupi, ndipo tchire ndiyo labu yokhayo imene munthu sangaitseke ndi loko.

Kumbali tinkawatchula kuti a Waonanji, chifukwa funso lawo linali limodzi lomwelo tsiku ndi tsiku. Akakupatsa tsamba la chinangwa, akakuonetsa phiko la chiwala, akathyola duwa la dzungu n'kuliika m'manja mwako, ankapendeketsa mutu n'kufunsa kuti, "Waonanji?" Ukangoyamba kuti buku likuti, ankakudula pakamwa. Ankati buku silinabwere kusukulu lero, wabwera ndiwe, ndi maso awiri amene amayi ako anakupatsa ulere. Yankho lolakwa la munthu amene wayang'anadi ankalikonda kuposa yankho lokhoza la woloweza, ndipo zimenezi ankazinena mosabisa, mayeso ali pakhomo, ife mitima ili m'mwamba.

Makolo ambiri sankawamvetsa. Chaka china anatitenga kalasi yonse kupita m'munda wa nshawa, kapena kuti mtedza, wa bambo wina woyandikana ndi sukulu, n'kuzula mapando atatu nshawa zisanakhwime, ati tione timatuza ta pamizu. Anatiuza kuti m'timatuzamo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timatenga chakudya cha mbewu mumpweya n'kuchisiya m'nthaka, n'chifukwa chake chimanga chimakondwa pamalo pamene chaka chatha panali nshawa. Ali mkati mofotokoza, mwini munda anatulukira, khasu lili paphewa, maso ali psuu.

"Aphunzitsi, munthu wamkulu ngati inu! Mukuphunzitsa ana kuba?"

A Sakala sanafulumire kupepesa. Anatswanya katuza kamodzi ndi chikhadabo, kukaika pafupi ndi mphuno ya bamboyo, n'kumufunsa kuti, "Mwaonanji, bambo?" Munthu uja anayang'anitsitsa, n'kunena monyinyirika kuti mkati ndi mofiirira ngati nyama. A Sakala anatembenukira kwa ife. Anati amene wakhoza lero ndi ameneyu, inu nonse mwangobwera kudzaponda mbewu za eni ake. Mlandu unafikabe kwa ahedi. Koma chaka chotsatira bambo yemwe uja anabwera yekha kusukulu atanyamula mizu ya nandolo, kudzafunsa ngati nayonso ili ndi timatuza.

Zinthu zawo zinali zotero, za m'munda ndi za kukhitchini. Ankaboola mbatata yaiwisi, kuthira mchere m'dzenjemo, pofika masana dzenje ladzaza madzi. Ankati madzi amathawira kumene kwachuluka mchere, ndipo ukathira feteleza pafupi kwambiri ndi tsinde, mbewu imapsa chifukwa madzi ake akokedwa chimodzimodzi. Ankamata kapepala patsamba la mbatata masiku awiri, kuliwiritsa, kulichotsa kubiriwira kwake ndi sipiriti, kudonthezapo ayodini, tsamba lonse n'kuda kupatula pamene dzuwa silinafike. Ankati tsamba limaphika chakudya chake ndi dzuwa, ndipo ife tonse, ndi mbuzi zomwe, timadya zotsala za tsamba.

Pamaliro pawo ndinakumana ndi Che Jafali, Msilamu wokalamba wobadwira ku Malawi, amene kale anali ndi butchala ku Katete. Anabwera ndi ndodo, anakhala pambali nthawi ya mapemphero, ndipo atamva kuti ndinali mwana wa sukulu wa a Sakala anayamba kuseka misozi ili m'maso. Anati zaka zonse zimene anagulitsa nyama sanaonepo kasitomala wovuta ngati Gidiyoni. Ena ankafuna mnofu, iye ankafuna mapapo a mbuzi athunthu, kholingo lili pomwepo, ndipo mpeni ukangolasa pang'ono ankakana, n'kuyamba kuwaphunzitsa eni butchala kupha mbuzi. Mapapo amenewo ifenso tinawaona ku Vubwi. Ankalowetsa bango pakholingo n'kuuzira, mapapo n'kufufuma patebulo ngati amoyo, atsikana tonse kukuwa. Iwo ankapukuta pakamwa ndi mpango, n'kufunsa funso lawo lija.

Anawaika kumudzi kwa akazi awo, a Nabanda, cha ku Mkaika, kumene anakakhala atapuma ntchito. Mwambo utatha a Nabanda anandiitanira kuseri kwa nyumba. Ankandidziwa, chifukwa ndinapitako kamodzi a Sakala ali moyo. Anandionetsa sutikesi yachitsulo yopanda kanthu. Anati m'menemo amuna awo ankasungamo zojambula za ana a sukulu, kuyambira chaka choyamba chimene anagwira choko. Mwana akajambula bwino zimene waona m'makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, iwo ankapempha pepalalo, kulemba dzina ndi chaka kuseri. Sutikesi inadzaza mpaka yosatsekeka. Pa kusamuka konse ankainyamula okha, osalola kuti ikwere pamwamba pa galimoto.

"Chaka chimene anapuma ntchito, anatulutsa zonse n'kutentha pamenepo," anatero a Nabanda, akuloza padzala. "Ndinawagwira dzanja, ndinati a Sakala, mwapenga? Iwo anati sakudziwa kuti loona ndi liti, labodza ndi liti. Mwana wanga, kodi kunachitika chiyani kusukulu kwanu kuja? Ine mpaka lero sanandiuze bwinobwino."

Ndinawauza. Ndi zimene ndikulemba panozi.

Sukulu yathu inalibe labu, inalibe magetsi. Inali ndi maikulosikopu imodzi, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, akale, akuda, olemera, okhala ndi kagalasi pansi kokolera kuwala kwa dzuwa. A Sakala ankawasunga m'bokosi lathabwa m'chipinda chosungira mabuku, ndipo kiyi ankamumanga m'khosi. Makinawo ankagwira bwino ntchito pawindo limodzi lokha, la kum'mawa m'kalasi ya giredi teni, kuyambira cha m'ma naini mpaka dzuwa litakwera pamwamba pa denga. Chifukwa cha windo limeneli anakangana ndi ahedi atatu otsatizana. Aliyense akaika bayoloje masana pandandanda wa maphunziro, a Sakala ankalowa mu ofesi osagogoda, n'kunena kuti ngati ahedi angathe kuuza dzuwa kuti lizituluka kumadzulo, iwo alibe vuto. Ankapambana nthawi zonse, chifukwa anthu ankatopa nawo.

Tsiku loona selo linali lalikulu kwa iwo kuposa tsiku la mayeso. Ankati chamoyo chilichonse, ng'ombe, udzu, ahedi, iwe amene ukuyasamulawe, chinamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo amene sanaone selo ndi diso lake bayoloje wangoimva mphekesera. Ankadula anyezi, kusenda kanembanemba kopyapyala ka mkati, kukayala pakagalasi kotchedwa silaidi, kudonthezapo ayodini, kulowetsa m'makina. Kenaka tinkafola pamzere, mmodzimmodzi, kutsinzina diso limodzi, kusuzumira. Ukadzuka, funso likukudikira.

Ife tisanafike giredi teni tinali titadziwa kale yankho. A giredi ileveni anatinong'oneza. Anati m'makinamo simuoneka kanthu, ndi utsi wokhawokha, koma usayerekeze kunena zimenezo, mdala amakhumudwa. Ungonena kuti waona tizipinda tondondozana ngati njerwa za pakhoma, chilichonse chili ndi kadontho mkati, basi, ukajambule za m'buku. Ife sitinaone cholakwa. Kwathu mwana sauza wamkulu kuti chimene mwandipatsachi n'chopanda kanthu. Umalandira ndi manja awiri, kuthokoza, zotsalazo ukadandaulire kuseri. Komanso aliyense mumtima ankaopa kuti mwina anzake akuonadi, wopusa ndi iye yekha.

Panalinso china chimene tonse tinkachiona koma osanena. Maso a aphunzitsi athu anali akuchita ng'ala. Zilembo zawo pabolodi zinayamba kukula n'kumatsetsereka. Njinga anasiya kukwera, ankangoikankha. Ankatizindikira ndi mawu, ndipo ukakhala chete pafupi nawo ankakutchula dzina la wina. Ife tinkayankha dzina la winalo, mwaulemu.

Tsikulo linali la mwezi wa Juni, kukuzizira, kumwamba kuli mbee. Tinalipo ana opitirira makumi anayi. Ine ndinali wachisanu pamzere, ndipo a Sakala ankandikonda chifukwa ndinali ndi dzanja lojambula. Ndinasuzumira. Munali kuwala kotuwa, ngati ukuyang'ana dzuwa kudzera m'pepala la pulasitiki lakale, ndi timizere toyera tosokonekera. Ndinadzuka n'kunena za njerwa ndi kadontho. Iwo anamwetulira, kundisisita paphewa. Mzere unapitirira, njerwa, njerwa, njerwa.

Esnati anali chakumapeto. Anali wamkulu kwa ife ndi zaka zitatu, chifukwa anasiya sukulu atakhala ndi mwana n'kubwereranso. M'mawa uliwonse ankasiya mwanayo kwa amayi ake n'kuyenda mtunda wautali, ndipo analibe nthawi ya masewera. Anasuzumira nthawi yaitali. Anasintha diso. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya juzi, n'kusuzumiranso.

"Waonanji, Esnati?"

"Palibe kanthu, aticha."

Kalasi inaseka. Ine ndinaseka nawo, Mulungu andikhululukire.

"Yang'ana bwino."

"Ndayang'ana. Ndi chifunga chokhachokha. Ine ndasiya mwana kunyumba akutsokomola kuti ndidzaone selo, ndiye ngati ilimo ndionetseni. Anzangawa kaya akuona ndi maso ati."

Apo a Sakala anati, "Malita, bwera umuthandize mnzako." Ndinapita ndikunyada. Iwo anawerama pamakina ngati akukonza, dzanja lawo likugwiragwira pansi, n'kundiuza kuti ndiyang'anenso modekha, ndinene chilichonse chimene chilimo. Ndinasuzumira. Chifunga chomwe chija. Apa ndiye panali poti ndinene zoona, ndipo mtima unandiuza ndithu. Koma ndinaganiza za dzanja lija paphewa langa. Ndinayamba kulakatula: tizipinda tondondozana, khoma la selo likuoneka bwino, kadontho kali chakumbali, ndiye nyukiliyasi imeneyo. Ndinawonjezanso kuti selo imodzi kumanzere ndi yaikulu kuposa zinzake. Ha, bodza lokongoletsa!

Nditadzuka, a Sakala anatambasula dzanja. Silaidi inali m'chikhatho mwawo, kanembanemba ka anyezi kali pomwepo. Anali ataichotsa. Ndinali nditafotokoza maselo a m'makina opanda kanthu.

Sanakalipe. Bola akanakalipa, bola akanandimenya kumene. Anangofunsa ndi mawu otsika kuti amene waona selo lero, waonadi, akweze dzanja. Palibe anakweza. Anafunsa kuti nanga a chaka chatha. Tonse maso pansi. Esnati ndiye anayankha, osati mwamwano, kuti a chaka chatha ndi amene anatiphunzitsa za njerwa, ndipo iwonso anauzidwa ndi a chaka chinacho.

A Sakala anatuma mtsikana wina kukaitana mphunzitsi wa masamu, mnyamata wa maso akuthwa. Anamasula galasi la pamwamba n'kumupatsa kuti aliyang'ane padzuwa. Iye anati mkati mwamera chuku, ulusi woyera wayanga galasi lonse ngati ukonde wa kangaude. Denga la chipinda cha mabuku linali litadontha mvula ya zaka zitatu zapitazo, bokosi n'kunyowa. Chuku chinadya galasi mpaka mkati, moti ngakhale kupukuta sikukanathandiza. Zaka zitatu! A Sakala nawonso akasuzumira ankaona chifunga chomwecho, koma ankati ndi ng'ala zawo. Ankakonza makina ndi chizolowezi cha zala, n'kudalira maso athu kuti awauze ngati zili bwino. Ife n'kumawauza kuti zili bwino.

A Sakala anabweza makina m'bokosi, kukhoma, kutuluka. Anyezi wodula anatsala pawindo mpaka anauma.

Mawa lake anabwera ndi buku. Anakhala pampando, chinthu chimene sitinawaonepo akuchita m'kalasi, n'kuuza mnyamata wa kutsogolo kuti aziwerenga mokweza, ife tizilemba. Anatero mpaka tinamaliza giredi thwelofu. Kutchire sitinapitenso. Mapapo a mbuzi, mbatata ya mchere, zonse zinatha. Fungo la anyezi linachoka pamalaya awo. Funso lija sitinalimvenso ngakhale kamodzi. Analemba makalata opempha galasi lina, ndikudziwa chifukwa ina ndinawalembera ndine maso awo atafooka, koma anapuma ntchito yankho lisanabwere.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti chaka chathu ana ambiri anakhoza bayoloje kuposa zaka za m'mbuyo. Ahedi anawayamikira pamaso pa makolo, ati a Sakala tsopano agwira njira. Iwo anaimirira, kuwerama pang'ono, kukhala pansi. Ine ndinakhoza bwino kwambiri, poti kuloweza ndiye kunali kwanga. Esnati analephera. Mwana wake anadwala nthawi ya mayeso, ndiponso iye sankatha kulemba chinthu chimene sanachimvetse. Wonama anapita ku koleji, wonena zoona ali pamsika. Wina andiuze kuti dziko limeneli ndi lolungama, tikangana.

Nawonso a Sakala sindiwachotsa pamlandu. Masiku ena ndimawakwiyira ndithu, ali m'manda momwemo. Bwanji sananene kuti maso awo afa? Ankaopa kuti awapumitsa ntchito nthawi isanakwane, ankaopa kuchotsedwa pawindo lawo lija. Munthu amene ankatiuza tsiku ndi tsiku kuti tizinena zimene taona anaima zaka zitatu pafupi ndi makina amene iye mwini sankaonamo kanthu, n'kumati, yang'anani, zikuoneka bwino lero. Bodza linali la tonse. Koma iwo anali ndi chifukwa, ine changa chinali chiyani? Kufuna kusisitidwa paphewa basi.

Selo yoyamba ndinaiona ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ku koleji, ndipo ndinatuluka panja kukalira. Lero ntchito yanga ndi yomweyo. Ndimakhala pa maikulosikopu tsiku lonse mu labu ya chipatala chaching'ono, kuyang'ana magazi ndi makhololo a anthu. Zimene ndanena kuti ndaona ndi zimene dokotala amalembera mankhwala. Zaka zinayi zapitazo ndinalimba mtima, ndinakwera minibasi mpaka ku Katete, kenaka njinga yamoto mpaka kumudzi kwawo. Ndinkafuna kuwauza kuti ntchito yawo sinapite pachabe.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, maso onse awiri atayera. A Nabanda anati anthu anawauza kangapo kuti ng'ala amachotsa kuchipatala, koma iwo ankakana, ati zoti aone zinatha. Ndinagwada, ndinatchula dzina langa.

"A Malita," anatero. "Mwatiyendera, mayi."

Kale ndinali iwe. Ulemu umenewo unandilasa kuposa kutukwana.

Ndinawauza za ntchito yanga. Ndinati aticha, tsopano ndimaona, tsiku lililonse ndimaona. Anapendeketsa mutu monga ankachitira kale, ndipo ndinayembekeza funso lija, koma anangoti ndifotokoze. Ndinafotokoza maselo ofiira a magazi, ozungulira, otuwa pakati. Ndinafotokoza kachilombo ka malungo kamene kamakhala mkati mwa selo ngati kamphete kokhala ndi kadontho.

"Zimenezo zili m'buku," anatero. "Tsamba lake ndikulikumbuka."

Chilichonse choona chimene ndikanatchula chinali m'buku. Ndiye ndinawauza za anyezi amene ndinaona ku koleji. Ndinati sizinali ngati njerwa ayi, aticha, buku linatinamiza pamenepo. Tizipinda take n'tokhotakhota, tina tatitali, tina topinimbira. Kanembanemba kanali katapindika pakona, panali kathovu ka mpweya kozungulira, kakuda m'mbali, kamene ndinayamba ndakayesa selo, ndipo nsidze zanga zinkangotchinga.

Anatembenuzira nkhope yawo kwa ine. Ndinaona ngati ndawafika.

"Mwina," anatero. "Munali ndi luso lokongoletsa, a Malita. Selo yakumanzere ija, yaikulu kuposa zinzake, sindinaiiwale." Anapumira m'mwamba. "Musadandaule. Ndinayamba ndine. Koma tsopano mwana aliyense amene anandiuzapo kuti waona, kuyambira ku Katete, ndimamumva ndi mawu anu. Anthu aulemu inu, munthu angakudziweni bwanji?"

Anaitana a Nabanda kuti andiphikire tiyi. Nkhani inathera pomwepo, ndipo sindinapitekonso. Esnati yekha ndi amene ankawayendera chaka ndi chaka, ndipo a Nabanda akuti akamva mawu ake ankatsitsimuka, n'kumamufunsa za mvula, za mitengo ya zinthu kumalire, ngati chimanga chilidi bwino kapena anthu akungonena. Zimene wanena Esnati ankazikhulupirira. Wina aliyense ankangomuyankha kuti zikomo.

Pamanda, atalankhula abusa ndi a kubanja, anapempha mwayi bambo wina wa imvi, mlimi wa thonje wa ku Sinda. Anati iye anaphunzitsidwa ndi a Sakala kalekale, makina aja ali bwinobwino. Anati tsiku limene anaona selo ya anyezi anathamanga mpaka kwawo kukauza amayi ake kuti m'ndiwo muli tizipinda, amayi ake n'kumuyesa wodwala mutu. Sukulu sanapite nayo patali, koma mpaka lero akaona tsamba la thonje lafiira amalitembenuza kaye, kuliyang'ana, asanathamangire mankhwala. Anthu ena angapo anavomereza, ati nafenso tinaona. Analipo ambiri ndithu amene anaonadi, zaka zoposa makumi awiri za ana amene sananame. Mapepala awo anapsera limodzi ndi athu. Ndinafuna kukuwa kuti munali kuti nthawi yonseyi, koma ndinadziwa kuti ngakhale akanabwera, mdala akanangoti zikomo.

Patapita sabata ziwiri ndinapita ku Vubwi kukaona amayi anga, ndipo ine ndi Esnati tinayenda mpaka kusukulu. Linali Loweruka, kunalibe ana. Anamangako nyumba zatsopano, ndipo ina akuti ndi labu, ili ndi magetsi a dzuwa padenga. Sitinapiteko. Tinazungulira kuseri, ku kalasi yakale ya giredi teni. Masiku ano amasungiramo madesiki othyoka. Chitseko chinali chomanga ndi waya, koma windo la kum'mawa lilibe galasi, ndiye tinaima panja n'kusuzumira.

Nthawi inali itangopitirira naini. Dzuwa linali litafika pasimenti ya pawindo, pamalo pake penipeni, monga linkachitira masiku onse aja. Pasimentipo pakadali chizindikiro cha dzimbiri pamene pankakhala phazi la makina, ndi timadontho tofiirira ta ayodini timene mvula yalephera kuchotsa. Mavu amanga chisa pakona. Bolodi linang'ambika pakati. Bokosi lathabwa lija palibe akudziwa kumene linapita.

Ine ndinaima pamene ndinaima tsiku lija, kungoti kunja kwa khoma, ndinayang'ana nthawi yaitali, ndi maso onse awiri. Panalibe wondifunsa, koma ndinayankha mokweza, mochedwa ndi zaka khumi ndi zisanu.

"Palibe kanthu, aticha."